Mpando Wam'chibisira

M'masitolo ogulitsa katundu wokongoletsa nyumba ku Cape Town, ku Johannesburg ndi ku London muli mpando wina umene ogula amaudziwa ndi dzina la dziko. Amautcha "Malawi chair". Ndi mpando wolukaluka, wa msana wozungulira, umene chimango chake chimakhala cha mitengo ya bulugama ndi nsungwi, ndipo thupi lake limalukidwa ndi zomera zoyanga. Umapezeka pa makonde a mahotela, m'minda ya maluwa ya anthu opeza bwino, ndi m'magazini ophunzitsa anthu kakonzedwe ka nyumba. Pa kapepala kolengeza mtengo wake, kapena pa tsamba la intaneti la sitoloyo, pamalembedwa dzina la sitolo, nthawi zina dzina la amene anasankha utoto wake, kenaka mawu atatu a Chingerezi akuti "handmade in Malawi". Kupatula ogulitsa ochepa achilungamo, ambiri satchula munthu amene anauluka.

Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani yaing'ono, nkhani ya kapepala chabe. Komatu pa msika wa zaluso dzina ndi ndalama. Mpando wa mitengo yopinda ndi pokhalira polukidwa umene Michael Thonet anautulutsa ku Vienna mu 1859 umatchedwabe ndi dzina lake, ndipo dzinalo likukwezabe mtengo wake ngakhale kuti mwini wake anamwalira mu 1871. Mpando wa ku Malawi umalukidwa ndi munthu wamoyo, wokhala pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu wa ku Mangochi, wa ku Salima kapena m'makwalala a Blantyre ndi Lilongwe. Ukakwezedwa pa lole n'kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mtengo wake umachulukitsidwa kangapo, koma dzina la wouluka limatsalira pa chipata choyamba. Kutsalira kumeneku ndi kulanda, ndipo chida chimene olandawo amagwiritsa ntchito ndi chilankhulo.

Aliyense amene anaphunzira malamulo a Chichewa ku sekondale amadziwa kusiyana kwa ziganizo ziwiri izi: "mbale yaswedwa" ndi "mbale yasweka". Chiganizo choyamba chili mu msintho wochitidwa. Wochita ntchitoyo sanatchulidwe, koma malo ake alipo, ndipo womvera ali ndi ufulu wofunsa kuti yaswedwa ndi yani. Nkotheka kunena kuti mbale yaswedwa ndi mwana, kapena kuti yaswedwa mwadala. Chiganizo chachiwiri chili mu msintho umene mabuku a sukulu amautcha wam'chibisira. Mu msintho umenewu malo a wochita afafanizidwa. Palibe Mchewa anganene kuti mbale yasweka mwadala, chifukwa dala limafuna mwini wake. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango anazukuta kusiyana kumeneku mu 1996 m'magazini ya Language, ndipo Sam Mchombo anakufotokozanso m'buku lake la 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa. Mwana wa m'mudzi sasowa mabuku amenewa kuti adziwe phindu la msinthowu: akaswa mbale, amathamangira kwa amake kukanena kuti yasweka.

Mawu akuti "handmade in Malawi" amaoneka ngati msintho wochitidwa, koma ntchito imene amagwira ndi yam'chibisira. Manja atchulidwa, dziko latchulidwa, mwini manja wafafanizidwa. Wogula amabwerera kwawo ndi maganizo akuti mipandoyi imangopangika ku Malawi, monga momwe bowa amamerera pa chulu mvula ikagwa. Ndipo chinthu chimene chimangopangika chilibe mwini woyenera kumulipira bwino, kumufunsa maganizo kapena kumupempha chilolezo asanachijambule ndi kuchipanganso ku fakitale ya dziko lina.

Pamalo pamene panayenera kukhala dzina la woluka pamakhala mawu ena a Chingerezi, akuti "designer". Mawu amenewa amagawa ntchito imodzi pawiri: mutu kwa mmodzi, manja kwa wina. Wa mutu amakhala ndi dzina, chithunzi m'magazini ndi gawo lalikulu la phindu. Wa manja amalowa m'chigulu cha anthu otchedwa "artisans", chimene chilibe nkhope. Chichewa chili ndi njira yake yoweruzira mlandu umenewu, ndipo njirayo ndi msintho wochititsa. Mayi akapita ndi nsalu kwa telala, ngakhale atasankha yekha kasokedwe, utali ndi mabatani, sanena kuti wasoka diresi, amati wasoketsa. Bambo akauza kalipentala kukula kwa tebulo limene akufuna, amati wakhometsa tebulo. Chomwechonso munthu wobwera ndi chithunzi n'kunena kuti mpando ukhale wakuda, kapena kuti miyendo italikeko, ndi wopangitsa. Akaugulitsa ku Cape Town ndi wogulitsa. Maudindo awiriwa ndi olemekezeka ndipo ali ndi malipiro ake oyenera, koma wopanga ndi wina, ndipo Chichewa chimamutcha mmisiri.

Mawu akuti mmisiri sagawa mutu ndi manja. Mmisiri ndi amene amadziwa kuti nsungwi yodulidwa isanakhwime imafumbwa chaka chisanathe, kuti choyanga chouma chimathyoka pochipinda pokhapokha chitayamba chaviikidwa m'madzi, kuti msana wa mpando ukapendekeka mopitirira muyeso wokhalapo amatsetsereka, ndipo ukaima njo amamva kuwawa m'chiuno. Ndi amene amaona m'maganizo mwake kalukidwe konse asanayambe mzere woyamba, popeza cholakwika cha pachiyambi chimaonekera kumapeto, patapita masiku angapo a ntchito. Ngati kulingalira maonekedwe, kulemera ndi kulimba kwa chinthu chisanapangidwe ndiko kumene Azungu amakutcha "design", ndiye kuti mmisiri wa pansi pa mango uja wakhala akuchita zimenezi kuyambira kale, popanda pepala ndi pensulo. Mpandowu unali kale ndi maonekedwe ake odziwika pamene ogulitsa akunja anauona koyamba. Ndiwo maonekedwe amene anawakopa.

Dzina la munthu likafafanizidwa, dzina la chinthu limatsatira. M'Chichewa lichero, dengu, nsengwa ndi mtanga ndi zinthu zinayi, chilichonse ndi ntchito yake ndi kalukidwe kake: lichero ndi lopetera, ndipo liyenera kukhala lothina kuti ufa usadutse, dengu ndi lonyamulira, nsengwa ndi yaing'ono, mtanga ndi waukulu. Pa khoma la hotela zonsezi zimasanduka "African basket". Mphasa ya bango ndi mkeka wa mlaza zimasanduka "mat". Mono, umene asodzi amatchera nsomba m'mitsinje, umapachikidwa chozondoka kudenga kuti utchingire babu lamagetsi. Mtondo umadzalidwamo maluwa pa kapinga. Bwato lakale limadulidwa pakati n'kukhala poika mabuku. Palibe cholakwika kuti chinthu chipeze ntchito yatsopano, pakuti ngakhale kumudzi mbiya yosweka imasanduka phale lokazingira chimanga. Cholakwika n'chakuti wogula sauzidwa kuti chimene chili pamwamba pa mutu wake ndi mono, kuti khomo lake linalukidwa mwanzeru kuti nsomba ilowe koma isatuluke, ndi kuti nzeru imeneyi ili ndi eni ake.

Zigoba za Gule Wamkulu ndizo zimaonetsa bwino kukula kwa chitayikochi. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti guleyu, amene amavinidwa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndi chimodzi mwa chuma chachikulu cha chikhalidwe cha anthu onse. Chigoba chilichonse chili ndi dzina ndi phunziro lake: Chadzunda, Simoni, Maliya ndi ena ambirimbiri, monga momwe nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ku Mua imaonetsera. Zofanizira zake zikafika m'sitolo ya zokongoletsa nyumba zimangotchedwa "tribal mask", n'kupachikidwa pamwamba pa sofa. Amalawi eni ake nawonso anazolowera kutcha zosemasema zonse ndi mawu amodzi akuti ziboliboli, mawu amene pakamwa pa anthu ambiri a m'tauni amamveka ngati akunena zidole zonyengerera alendo.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo zonse n'zoyenera kuyankhidwa. Yoyamba ndi yakuti ogulitsa akunjawa ndiwo anatsegula msika; popanda iwo mipandoyi ikanangotuwa ndi fumbi m'mbali mwa msewu. Izi n'zoona, ndipo mabanja ambiri alipira sukulu ndi ndalama zochokera m'malonda amenewa. Koma palibe akupempha kuti malondawa aime. Chopemphedwa ndi mzere umodzi pa kapepala, umene sufuna ndalama zoposa mtengo wa inki. Ngati chinthu chotchipa chotere chikukanidwa, chifukwa chake chiyenera kufunidwa kwina. Mmisiri wodziwika dzina angathe kupezedwa ndi wogula wina, angathe kukweza mtengo, angathe kukana. Mmisiri wopanda dzina akadandaula lero, mawa pamakhala wina pamalo pake, ndipo wogula wa ku London sangadziwe kuti manja asintha. Kwa wogulitsa wosaona patali, kubisa dzina ndi njira yotchinjirizira phindu.

Mfundo yachiwiri imamveka yaulemu kwambiri, ndipo imakondedwa ndi ophunzira: akuti luso la mu Africa ndi la mudzi wonse, kotero kuti kulemba dzina la munthu mmodzi ndi khalidwe lachizungu. Amene amanena izi sanakagulepo mbiya kumudzi. Kumeneko aliyense amadziwa kuti mitsuko ya mayi uje siichucha, kuti mipini ya bambo uje siiguluka, ndi kuti mphasa za kutsidya kwa mtsinje zimatha msanga. Dzina la mmisiri silinkalembedwa chifukwa panalibe wosalidziwa. Kusadziwika kunayamba pamene katunduyo anayamba kupita kutali ndi kwawo, m'manja mwa anthu amene sanavutike kufunsa. Ngati mpando umodzi wadutsa m'manja mwa anthu atatu, wokhoma chimango, woluka ndi wopaka vanishi, atchulidwe onse atatu, kapena litchulidwe gulu lawo ndi mudzi wawo.

Mbiri ya m'chigawo chino cha Africa yayankha kale mfundoyi. Ku Tengenenge, pafupi ndi Guruve m'dziko la Zimbabwe, mlimi wa fodya Tom Blomefield anayambitsa mu 1966 mudzi wa osema miyala, ndipo ambiri mwa oyambawo anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Angola. Lemon Moses anali wa ku Malawi. Fanizani Akuda anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Josiah Manzi anabadwa kwa makolo a Chiyao ochokera ku Malawi. Msika unatcha ntchito zawo zonse "Shona sculpture", dzina limene linameza Achewa ndi Ayao. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti ntchito zawo zinkagulitsidwa ndi maina awo, kotero kuti lero miyala yawo, imene yaima m'minda ya maluwa ndi m'nyumba zoonetsera zaluso m'maiko ambiri, imadziwika kuti ndi ya yani. Ku KwaZulu-Natal, malo oumba mbale ndi miphika a Ardmore, amene Fée Halsted anayambitsa mu 1985, amalemba pansi pa chiwiya maina a woumba ndi wopaka utoto, ndipo mu 1990 Halsted analandira mphoto ya Standard Bank ya aluso achinyamata pamodzi ndi Bonnie Ntshalintshali. Maina sanaphe malonda m'malo awiriwa, anawakweza.

Mfundo yachitatu ndi yakuti mipando yotereyi si yachikhalidwe cha makolo, popeza ukalipentala unabwera ndi amishoni, ndipo mawu akuti tebulo, kabati, bedi, sofa ndi bulugama amene akuchitira umboni. N'zoona kuti sukulu za mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, ndi ya Overtoun ku Khondowe, imene inatsegulidwa mu 1894, zinaphunzitsa anthu ambiri kupala matabwa. Koma wophunzira chilankhulo aliyense amadziwa kuti mawu obwereka akalowa m'gulu la maina, n'kuyamba kulandira agwirizanitsi a Chichewa, asanduka a Chichewa. Ndi chifukwa chake anthu amati "tebulo lathyoka" ndi "matebulo athyoka". Mpandonso uli chimodzimodzi. Msika womwewo umene umati mpandowu ulibe mwini chifukwa ndi wobwereka ndi umene umautcha "Malawi chair" pofuna kuugulitsa. Ndiponso chizolowezi chobisa amisiri n'chakale ngati mishoni zomwezo: tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chimatchulidwa pamodzi ndi dzina la David Clement Scott, pamene amuna amene anaumba njerwa zake ndi kumanga zipilala zake amakumbukiridwa mwachigulu.

Msintho wam'chibisira wawononganso mbali ina ya ntchitoyi, ndiyo mitengo. Anthu amati nkhalango zatha, phingo wasowa, mlombwa sukupezeka, ngati kuti mitengo inanyamuka yokha. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unadulidwa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa pangano la CITES wa zomera zimene malonda ake odutsa malire ayenera kulamulidwa. Mitengo ya mtundu wa phingo inalowa pa mndandandawo pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016, ndipo ya mtundu wa mlombwa ndi mbawa inalowa mu 2022. Pofuna wolakwa, chala chimaloza msanga wosema wa m'mbali mwa msewu chifukwa ndiye wooneka, pamene malole a makala ndi a zipika zopita kunja amadutsa usiku. Osema ena ali ndi mlandu ndithu. Koma chinthu chopanda dzina la wochipanga chilibenso dzina la nkhalango kumene chinachokera, kotero kuti wosema amene amadzala mitengo ndi kugula matabwa ovomerezeka sasiyanitsidwa ndi wakuba. Dzina pa kapepala limapatsa mmisiri ulemu, komanso limamupatsa udindo woyankha, ndipo nkhalango zikufuna zonse ziwiri.

Mlanduwu si wa alendo okha, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mmalawi wolandira bwino amalipira mosanyinyirika sofa ya chikopa chabodza yochokera ku China kapena ku Dubai, imene imasupuka pakatha zaka zochepa, koma akaima pa msewu amanenerera mtengo wa mpando wolukidwa mpaka mmisiri atatsala ndi ndalama ya nsungwi yokha. Mpando womwewo amayamba kuusirira akauona m'magazini ya ku South Africa. Ndi maofesi angati a boma, ndi zipinda zingati za aphunzitsi a m'mayunivesite, zimene zili ndi mipando ya amisiri a m'dziko momwemo? Ophunzira za zilankhulo nawo ali ndi ngongole. Dikishonale ya Chimang'anja imene Scott yemwe uja anasindikiza mu 1892 inasunga mawu ambiri a zida, zoluka ndi zomangamanga za nthawi imeneyo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene bungwe la Centre for Language Studies linatulutsa mu 2000 unali chiyambi chabwino cha kutanthauzira chilankhulochi m'chilankhulo chomwecho. Koma mawu amene oluka mipando amatchulira mbali za mpando, mitundu ya kalukidwe ndi zolakwika za ntchito akadali pakamwa pa eni ake, pamene mabuku ndi mayeso a m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lokhazikitsidwa mu 1999, ali m'Chingerezi. Wophunzira wa digiri yachiwiri amene angakhale miyezi itatu pansi pa mango uja, n'kulemba mawu amenewa pamodzi ndi maina a omuuzawo, angachite ntchito yoposa mapepala ambiri obwereza zimene zinanenedwa kale.

Malamulo othandiza alipo, akungosowa owagwiritsa ntchito. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali m'gulu la maiko amene anavomereza pangano la Swakopmund la 2010, loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Mu December 2024 Malawi linakhala dziko loyamba kuvomereza pangano la WIPO lolamula ofuna umwini wa zotulukira zatsopano kuti aulule kumene anatenga zomera ndi nzeru za makolo zimene agwiritsa ntchito. Panganolo silikhudza mipando, koma mfundo yake ndi yomweyi: tchulani kumene mwatenga. Dziko limene linathamangira kusaina mfundo imeneyi pamaso pa maiko onse silingakhale chete pamene dzina lake lenilenilo likugulitsa mipando imene ena angathe kuipanga kulikonse. Alimi a rooibos ku South Africa anatsata njira yaitali mpaka mu 2021 bungwe la European Union linavomereza kuti dzinalo ndi la tiyi wolimidwa m'dera lawo lokha. Oluka mipando atakhala m'mabungwe olembetsedwa, mothandizidwa ndi unduna woona za malonda ndi akatswiri a malamulo a m'mayunivesite, angathe kufuna chizindikiro cha onse chotsimikiza kuti mpando wotchedwa ndi dzina la Malawi unalukidwadi ku Malawi, ndi anthu odziwika, ndi zomera zodulidwa mololedwa.

Ntchito ya malamulo idzatenga zaka, koma ya kapepala ingayambe ndi katundu wokwezedwa pa lole mawa. Kapepalako kanene kuti mpandowu unalukidwa ndi uje, wa mudzi wakuti, boma lakuti. Kuti chimango anakhoma ndi uje. Kuti anaupangitsa ndi kuugulitsa ndi sitolo yakuti. Lichero lilembedwe kuti lichero, mono ulembedwe kuti mono, ndipo tanthauzo la Chingerezi libwere pambuyo, monga momwe ogula anaphunzirira kunena "futon" ndi "kilim" osatsamwa. Mahotela a m'mphepete mwa nyanja, maofesi a akazembe ndi mayunivesite, amene amagula katundu wambiri nthawi imodzi, akane kulandira chinthu chopanda dzina la wochipanga. Ndipo wogula aliyense, kaya ali ku Area 47 kaya ku Cape Town, asanafunse mtengo ayambe wafunsa funso limene msintho wochitidwa umalola ndipo wam'chibisira umaletsa: mpandowu unalukidwa ndi yani?